Mabowo Khumi ndi Asanu

Magetsi atabwera mwaukali Lachiwiri lija
kompyuta yanga sinafe, inangochita khungu.
Fani ikulira, kanyali kobiriwira kakuphethira,
koma monita, chimutu chachikulu chija
chomwe malemu achimwene anagula pa okushoni kuntchito kwawo,
ili bii, ngati Soche tsiku la chiperoni.

Pabenchi panja anthu akudikira:
wina kalata yofunsira ulonda ku Makata,
wina pulogalamu ya chinkhoswe cha Loweruka.
Ndinawauza kuti abwere mawa,
koma mawa salipira lendi kuno ku Bangwe.

Mnyamata wa a Namaona, wophunzira ku Chichiri uja,
anatsegula chibokosi, nauzira fumbi, natsokomola.
Akuti: Anti, khomo lotulukira zithunzi lapsa.
Mukagule khadi, koma asakakupusitseni.
Anandilembera padzanja ndi bolopeni:
la khomo la buluu, mabowo khumi ndi asanu,
losafuna chingwe chakechake cha magetsi.

Mu minibasi ya ku Limbe, poopa thukuta kufufuta malembawo,
ndinayenda dzanja lili m'mwamba
ngati mboni yolumbira kukhoti.

Mu sitolo yoyamba, kuseri kwa galasi,
munali makhadi onenepa, a mafani atatuatatu,
onyezimira ngati galimoto ya ukwati,
mtengo wake malata a nyumba yathunthu.
Wogulitsa akuti ili mumaona nalo
ngakhale thukuta la osewera mpira mu gemu.
Ndati mwana wanga, ine sindisewera.
Ndikufuna a, e, i, o, u aoneke basi,
ndi kamzere kofiira kaja
komwe kamatsutsa ngakhale dzina langa lomwe.
Ndinawatembenuza onse. Kumbuyo timakomo tachilendo,
palibe lomva chilankhulo cha monita yanga.
Akuti ndiye mugule monita yatsopano.
Kodi phazi amalisema kuti likwane nsapato?

Kumsika, kuseri kwa ogulitsa matchaja a mafoni,
Che Saizi ali ndi katoni ya sopo
yodzaza ziwalo za makompyuta akufa.
Anavundula, navundula, natulutsa kakhadi
kouma ngati kapala pasi,
kopanda fani, kongosenza chipeso chachitsulo pamsana.
Ndinawerenga ndi chikhadabo: asanu, asanu, asanu.
Anatchula mtengo, ndinaseka.
Ndinatchula wanga, analoza kumwamba.
Tinakumana pakati, pomwe panagwera
ndalama yanga ya minibasi yobwerera.
Nanga kakapanda kugwira?
Akuti lisiti ndi nkhope yangayi, mayi, ndimakhala pompano.

Ndinakwera wapansi, kakhadi m'mpango.

Kunyumba chitsulo chake chatalika, chibokosi chikukana kutseka.
A Makwinja okhoma zidebe anachidula ndi sizasi ya malata
osafunsa n'komwe kuti n'chachiyani,
nalandira nthochi ziwiri.

Kanalowa m'malo mwake ngati fupa lobwezedwa.
Ndinamanga timabawuti tiwiri ta pulagi ya buluu,
ndipo ndisanadine batani
magetsi anapita.

Ndinakhala nayo mumdima, ine ndi iyo,
tonse akale, tonse odikira,
mpaka pakati pa usiku firiji ya aneba
itayamba kung'ung'udza kuseri kwa khoma.
Ndinadina.
Chimutu chija chinathetheka, chinazengereza monga mwa khalidwe lake,
kenako kuwala kunatulukira pakati n'kufalikira m'mbali.
Zonse zili pomwe ndinazisiya.
Pakona paja, foda ya achimwene,
yomwe sindinaitsegulepo chiwaikireni ku manda.

Usiku umenewonso sindinaitsegule.
Ndinangoiyang'ana kuti ilipo,
ndinapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje,
n'kutsegula tsamba loyera.
Bambo wa ulonda uja anati abwera mamawa.