Sikunali Kwadala

Kalata inafika mu Malichi, Duluth akadali m'chipale,
envelopu yoyera ya ku ofesi ya mapatenti ku Alexandria.
Ndinaona liwu limodzi lokha: lasiyidwa.
Pempho langa, ndi nambala yake yaitali ija,
lasiyidwa
ngati katundu wopanda mwini pasiteshoni.

Kachitsulo kenikeniko n'kochepa, kokwana m'chikhatho.
Kamatseguka kokha chisanu chikalusa
kuti madzi azidontha, paipi isaphulike.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndinakasula m'galaja,
Lempi akugogoda pawindo kuti khofi wazizira.

Wounika pempho anali ndi mafunso atatu basi.
Miyezi yoti ndiyankhe ndinaithera pampando wapulasitiki,
nsanjika yachinayi ya chipatala,
ndikuwerenga madontho ena,
a m'botolo lolendewera pamwamba pa mkono wake.

Lero Mayi Odegaard, loya, andikankhira fomu patebulo.
Akuti akufa a mtundu uwu amadzuka,
bola ulipire, uyankhe mafunso aja,
usayine pansi pa chiganizo ichi:
kuchedwa konseku sikunali kwadala.

Cholembera chaima m'malere.
Pajatu kalata ya mafunsoyo ndinaiona.
Ndinaitsegula ndi mpeni wa batala, kuiwerenga kawiri,
n'kuiika pansi pa mbale ya mankhwala ake.
M'mawa uliwonse ndinkainyamula mbaleyo
n'kuibwezera pomwepo.
Kodi wothawa moto akasiya nsapato pakhomo
tinene kuti wazitaya dala?

Mayi Odegaard asuzumira wotchi; amalipiritsa pa ola.
"Bambo Kumpula, funsoli n'losavuta.
Munkafuna kuti pempholi life?"

Ayi.
Chaka chimenecho panalibe chimene ndinkafuna kuti chife.

Ndasayina. Dzina latuluka lopindika
ngati la munthu wolemba ali m'basi.
Akuti yankho litenga miyezi, ndisataye mtima.
Pang'onong'ono ndifunse ngati m'kabati mwawomo
muli fomu ina, ya zosiyidwa zina,
koma ndangovala chipewa.

Usiku uno mphepo ikuluma mpaka m'mano.
Nyumba ya a Sorvari, tsidya la msewu, paipi yaphulika kale,
ndikuona tochi zikuthamanga m'chipinda chapansi.
Kwanga kuno, kunsi kwa sinki,
kachitsulo kopanda chikalata kaja katseguka kokha.
Tho.
Tho.
Sikadziwa kuti kanafa,
sikadziwanso kuti ndakadzutsa.
Ndakhala pansi m'khitchini, makapu awiri patebulo,
ndikumvetsera.