Usiku ku Tartu

Kaarel sanagone.
Chipale chofewa chikugwera mumtsinje wa Emajõgi,
khofi wazizira m'kapu,
uthenga wa Maarika ukadali pa sikirini:
"Ndinajambula bambo akuseka m'chipatala,
pulogalamu yanu inadzitseka,
chithunzi chinapita. Bambonso, Lachinayi."

Akudziwa pamene panabooka.
Chithunzicho chinkadikira m'kachipinda kongodutsamo,
foni itafuna malo inangosesa
osafunsa kuti nkhopeyi ndi ya yani.

Tsono akulemba mizere isanu ndi iwiri:
chala chikangodina,
sunga kaye posafika tsache,
zinazo zibwere pambuyo.

Kukucha. Wadzijambula yekha,
maso ali psuu, tsitsi nyankhalala,
wazimitsa foni mwadala.
Wayatsa. Nkhope ilipo.

Choti amuyankhe Maarika
ndiye chikumusowabe.