Khomo Lakumaso

Tinatsikira pa Bembeke nkhungu isanachoke m'mapaini,
malume Chikhosi atavala jekete lawo la kumaliro ndi kuukwati,
ine ndili ndi botolo la thobwa ndi foni yotsala pang'ono kuzima.
Anati akufuna kuiona kamodzi kokha
maso asanawathawe onse awiri.

Njira inadutsa m'minda ya kachewere,
kenako m'chisoso chotikakamira m'miyendo,
mpaka nayo:
chumuni chili chilili chokha
ngati munthu wodikira basi imene inaleka kuyenda,
makoma atatu, lachinayi litagona chafufumimba,
denga lake thambo.

Kamnyamata kanavumbuluka patchire, dzina Tiyese,
malaya ofika m'mawondo, pakamwa pa liwiro.
"Faifi handiredi, ndikuonetsani zonse.
Muno munkakhala mzungu wa akavalo makumi awiri.
Apa ankavinirapo. Apo ankawerenga ndalama mpaka tambala kulira.
Umo," kanaloza kachipinda kopanda zenera,
"munali ndende."

Akavalo anali awiri, malume anandinong'oneza,
wina wotsimphina.

Ndinakwera masitepe akumaso, simenti yofiira yong'aluka,
mbuzi inandipatsa njira monyinyirika.
Pocheuka, malume palibe.
Ndinawaona akuzungulira, akupapasa khoma,
chipewa chili m'manja,
akuwanda udzu wofika m'chiuno
kulunjika kuseri,
kukhomo lopanda chitseko, lopanda mphuthu,
la nyumba yoti ungalowere paliponse.
Anapukuta nsapato pamwala.
Anati, "Odi."

Buluzi anagwedeza mutu.

M'chumuni mwamera kachere, mizu yake yagwira njerwa pakhosi.
Pakhoma wina analemba ndi khala
kuti Lameki amakonda Esinati,
wina anafufuta Lameki.

"Si ndende iyi, mwana iwe.
Munkakhala shuga, ufa watirigu, sopo,
kiyi wake ali m'khosi mwa dona."
Anakhala chete, chala chikutsata mng'alu.
"Koma ndinagonamo usiku umodzi, mwezi wa Juni,
atakhoma kunja.
Nkhani ya supuni.
M'mawa inapezeka m'mbale ya galu.
Ndiye mwina sunaname kwenikweni."

"Inali yagolide?"
"Yachitsulo wamba."
"Ine ndizinena kuti yagolide."
Malume anaseka mpaka chifuwa chinawagwira,
ndinawapatsa thobwa.

Kuseri kwa khitchini mtengo wa mapichesi ukadalipo,
wokalamba, wandere, wosadulira.
Ankauthirira ndi ndowa ziwiri kuchokera kudambo
ali ndi zaka khumi ndi zitatu.
Lero suli wa munthu.
Anaugwira tsinde monga ugwirira phewa la mnzako wa kalekale
amene sukudziwa ngati unamukhululukira.

Dzuwa litakwera nkhungu inang'ambika.
Ndinawatsogolera kudutsa pabalaza
pomwe pamera bonongwe ndi manyi a mbuzi,
mpaka pakhonde.
Dziko linagwa pansi pa mapazi athu,
mapiri kutsika, kutsika, chigwa chiri yalaa,
ndipo kutali uko, kamzere kowala ngati lata latsopano.

"Malume, nyanja iyo."
"Kuti?"
"Uko, kutsogolo kwa chala changa."
Anatsinzinira, anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete.
"Zaka zisanu ndi zinayi ndinakolopa khonde lino chogwada.
Palibe anandiuza kuti pamaoneka nyanja."
Anayang'anabe, kumanzere pang'ono kwa kumene inali.
Sindinawakonze.

Foni inazima ndisanajambule.

Tiyese analandira ndalama yake, naiyang'ana padzuwa,
milomo ikuyeserera kale nkhani ya supuni.
Malume anavala chipewa ali m'nyumba.
Tinatsikira kumaso.
Sanafune dzanja langa:
masitepe asanu ndi awiri, anatero,
lachitatu ndi lalifupi,
mawondo anga akulidziwa.