Dzanja Lamanzere la Bambo

Chipinda changa chili pamwamba pa phiri ku Valparaíso,
kumene msewu umatopa n'kusanduka masitepe.
M'mawa nkhungu imakwera kuchokera kudoko
kudzanyowetsa mapepala amene ndayanika pachingwe
ngati matewera.

Ndayamba kusema chaka chathachi.
Zala zanga zikadali ndi mabala a wophunzira.
A Baldomero, eni makina osindikizira,
sayamikira msanga.
Amangoti, "Maite, mpeni subweza mawu.
Chimene wachotsa pathabwa, wachotsa."

Thabwa langa loyamba linali basi ya bambo,
ija ankayendetsa usiku wonse kupita ku Calama,
ine ndili pampando wakutsogolo, wazaka zisanu ndi ziwiri,
miyendo ili lendelende,
ndikuwerenga mapolo amagetsi m'chipululu
mpaka tulo titandilanda nambala.

Ndinasema chiwongolero.
Ndinasema fulasiki ya tiyi yomangidwa ndi waya
kuti isagubuduke pokhota.
Ndinasema nyanja kumanzere, mmene imakhalira
munthu akamapita kumpoto,
ndi dzanja lawo lamanja lili m'mwamba
kutsanzika munthu amene sindikumukumbuka.
Nkhope yokha ndinaisiya.
Masabata atatu mpeni unkazungulira pamenepo
ngati galu pakhomo lotseka.

Tsiku losindikiza ndinapaka inki yakuda bii,
ndinayala pepala, ndinapukusa gudumu,
chitsulo chinabuula.
Posenda pepalalo pang'onopang'ono
ndinapeza bambo akweza dzanja lamanzere.
Chiwongolero chasamukira mbali ina.
Nyanja ili kumanja.

A Baldomero anaseka mpaka kutsokomola.
"Aliyense amaiwala ulendo woyamba.
Thabwa ndi kalilole, mwanawe, limatembenuza zonse.
Tenga lina pashelefupo, uyambirenso."

Sindinatenge.
Ndinaima ndi pepala lonyowa m'manja
ndikuwerengera ngati mwana wasukulu:
nyanja ikakhala kumanja,
ndiye kuti basi yaloza kum'mwera.
Ikubwera kuno.

Bambo sanabwere nayo basi ija.
Anatsikira ku Calama m'nyengo yozizira ina,
anapeza ntchito kumgodi, kenako nyumba, kenako ana ena.
Anatumiza mapositikhadi anayi,
lomaliza lopanda adiresi.

Ndinasindikiza khumi ndi awiri.
Loweruka ndinawayala pabwalo, pafupi ndi wogulitsa nsomba,
ndi kuwatsendereza ndi miyala chifukwa cha mphepo.
Anthu ankayang'ana, n'kufunsa mtengo, n'kupita.
Chakumadzulo mayi wina wa jekete lobiriwira
anawerama nthawi yaitali.
"Uyu ndi mchimwene wanga Eleuterio," anatero,
"ankayendetsa ya ku Temuco. Anali wamanzere."
Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukonze,
koma pamene panayenera kukhala nkhope
panali inki yokhayokha,
ndipo iye anali atalowetsamo kale wake.
Analipira osanenerera.

Atsala asanu ndi anayi.
Limodzi ndinapatsa amayi, analiika m'dirowa chafufumimba,
koma Lachitatu ndinalipeza litatsamira wailesi.
Lina linadyedwa ndi chinyontho.

Usiku uno ndayamba thabwa lachiwiri:
siteshoni ya basi, benchi, wotchi yapakhoma.
A Baldomero andibwereka kalilole wawo wometera
kuti ndisalakwitsenso.
Ali pawindo apo, ndamuvundikira ndi nsalu.
Pansi padoko sitima ina ikulira,
sindikudziwa ngati ikufika kapena ikunyamuka.
Ndikunola mpeni.