Zilembo Zisanu ndi Chimodzi

Ku Vilnius kumada msanga mu Disembala.
Folo koloko isanakwane, chipale chofewa chaunjikana pazenera
ndipo mu labotale tatsala awiri, ine ndi Rimvydas,
iye akusinza pampando, chipewa chili kumaso.

Ndatulutsa enizayimu mufiriji.
Kadontho kake sikangakhutitse ndi udzudzu womwe,
koma ndimakasamala ngati mwana wa eni,
kukakhazika pa ayezi kuti kutentha kwa zala zanga kusakafoole.

Anthu amati ndi lumo. Ine ndimakana.
Lumo lilibe maso, limadya chilichonse chimene lapatsidwa.
Uyu amayamba wawerenga.
Amatsetsereka pa ulusi wa DNA
kupapasa zilembo zikwizikwi ngati wofuna chitseko mumdima,
osaluma, osakanda,
mpaka apeze zake: G, A, A, T, T, C.
Pa ulusi winawo, ukawerenga chobwerera, mawu ndi omwewo.
Apo ndiye amakumbatira zolimba, magineziyamu ali m'mano,
n'kudula pakati pa G ndi A, uku ndi uko,
modumphitsa,
kusiya zilembo zinayi zili lende kunsonga
zikufunabe mnzawo womatana naye.

Ola lathunthu pa madigiri makumi atatu ndi asanu ndi awiri,
kutentha kwa m'khwapa mwa munthu.
Ndathira mu jelo, ndayatsa magetsi, ndadikira.
Ndimayembekezera mizere itatu.
Waoneka umodzi wokha, wonenepa, uli phee pamwamba.

Ndadzitukwana chamumtima.
Ndawerenganso zolemba zanga, ndanunkhiza ndi mabotolo omwe.
Rimvydas wadzuka, wasuzumira, wayasamula.
"Sunalakwitse, Daiva. DNA iyi njodindidwa.
Bakiteriya amapaka metilo pa zilembo zake zomwe
kuti mlonda wake, posaka vayirasi wolowerera,
asalume mwini nyumba.
Wafika pamalopo, waona chidindo, wadutsa."
Atatero wabwezera chipewa kumaso.

Ndazimitsa nyale, ndavala jasi.
M'basi yamagetsi mazenera achita nthunzi
ndipo ndikulemba zilembo zija ndi chala, zikusungunuka.
Sabata yonse yapita m'madzi
chifukwa kanthu kopanda ubongo kadziwa wake.
Ine chaka chatha, pa siteshoni ya sitima ku Kaunas,
ndinamudutsa mlongo wanga Algimantas, ndevu zitamumera,
mpaka anachita kundikoka mkono.