Pulagi Sinama

Datsun ya Yotamu yabweranso,
ikutsokomola ngati yameza fumbi lonse la ku Chinkhoma.
Iye akufuna liwiro. Ine ndimve kaye.

Ndamasula pulagi: bii, mwaye wokhawokha.
Yakhuta petulo, mpweya ikumanidwa.
Sabata yatha inali mbuu ngati phulusa,
ludzu lija lowotcha pisitoni,
ndiye ndinakulitsa jeti. Ndinapyola muyeso.

Kabowo kake n'kochepa ngati ka singano
koma mlandu wonse uli pomwepo.
Ndaika yapakati. Sikuluu ndapotoza pang'ono,
khutu lili pa kabuleta, maso ndatsinzina.

Taithamangitsa mpaka Chatoloma,
tazimitsa isanapume n'komwe.
Ndamasulanso, zala zikupsa:
yofiirira ngati fodya wouma bwino m'chigafa.

Yotamu akufunsa mtengo.
Tadikira, mphwanga, ndikuyang'anabe.