Chitupa

Ndinamugula ku Mbare, ali m'katoni ya sopo,
pakati pa matimati ophwanyika ndi phokoso la oyitanira makombi.
Makutu ogwa, mimba yodzadza njoka.
Mwini wake anati madola asanu.
Ndinamupatsa atatu ndi theka la buledi.

Pa puloti ya Mai Marufu ku Hatcliffe
sindinamugoneke pakhomo panga.
Ndinamuika m'khola, pa utuchi,
pamodzi ndi anapiye makumi asanu ndi limodzi,
kuti fungo loyamba kulidziwa likhale la nthenga,
kuti akadzakula asadzafunse abale ake ndani.
Anapiye anamujompha mphuno, analira usiku wonse.
Ine ndinagona pa saka kunja kwa waya,
chala chimodzi nditalowetsa mkati.

Mwezi wachinayi anaba dzira.
Ndinamupeza ndevu zili chikasu,
maso ataloza ku Domboshava ngati nkhani sakuidziwa.
Sindinamumenye.
Galu womenyedwa amaphunzira kuopa dzanja,
dzira salisiya.
Ndinaboola lina, nkuthiramo tsabola wakambuzi.
Anayetsemula mpaka tambala anatsika pamtanda kudzaona.
Lero dzira amalilambalala
ngati munthu amene ali naye ngongole.

Chithunzithunzi cha kabawi amachiona nkhuku zisanachione.
Likongwe wa m'miyala ija anasamuka.
Akalulu a m'zikwere amamuponda mchira, iye phee.
Usiku wa Juni, chisanu chikuluma zikhadabo,
wina anadula waya kumunsi kwa mapeyala.
Mmawa tinapeza pulayala, nsapato imodzi,
ndi nkhuku zonse, ngakhale yotsimphina ija.

Tsiku la katemera wa chiwewe
dokotala anatsegula buku pa boneti ya galimoto.
Dzina? Ndinati Chitupa.
Anaseka mpaka cholembera chinagwa m'fumbi.
Komabe analemba: dzina, mtundu, mwezi wobadwa, kumene akhala,
nadinda chidindo chofiirira, phaa!
Galu wa madola atatu.

Ine ndinabadwira pa famu ya fodya ku Banket.
Bambo anachokera ku Dedza wapansi, ali mnyamata,
mapepala awo anapsa ndi chigafa.
Kanayi ndafola ku ofesi ya m'tauni kusanache,
kanayi andiuza: bweretsani umboni wa makolo.
Umboniwo uli pansi pa msuku,
popanda mwala, popanda mtanda,
ndipo famuyo inasintha kale dzina.

Khadi la galu ndinalikulunga m'pepala la shuga
nkulisomeka pansi pa lata, pamwamba pa chitseko.
Nthawi zina ndimalitsitsa, osati kuti ndiliwerenge,
kungogwira pamene chidindo chinatupa.

Madzulo ndimawerenga nkhuku polowa.
Ndikasokoneza, ndimayambanso.
Iye sawerenga, amangodziwa.
Ikatsala imodzi m'chimanga, amaima pakhomo la khola
osalola kuti nditseke.

Mai Marufu amamuitana m'Chishona, amapita.
Ine ndimamunong'oneza m'chinenero cha bambo, amabwera.
Nkhuku sizinamufunsepo kwawo.
Zimangomukwera pamsana dzuwa likamawomba,
iye nkutseka diso limodzi,
linalo lili kumwamba.